Musanapereke ndalama za cimanga, gogodani mitanda ya nyumbayo

Kuyambira mwezi wa Ogasiti kufikira Okutobala ndi pamene nkhani za kugula nyumba zimaculuka kuno kum'mawa. Cifukwa cake ticidziwa tonse. Fodya wagulitsidwa, soya ndi nshawa zapita, a FRA ali kulipira cimanga, ndipo mlimi amene wakhala akusunga kwa zaka zitatu kapena zinayi aona kuti tsopano akhoza kupeza kanyumba ka malata pafupi ndi sukulu, cipatala ndi msewu. Aphunzitsi ndi anamwino opuma pa nchito nawonso amafunafuna malo oterewa. Ena aloza ku Kapata, Mchini kapena Nabvutika mu Chipata, mzinda umene wakula kwambiri cilandirire ulemu wa kukhala siti mu 2017. Ena safuna phokoso la m'tauni, ndipo asankha malo a m'mbali mwa msewu wa Great East monga pa Mtenguleni, pakati pa Chipata ndi Katete, pamene Angoni amacitira Nc'wala kumapeto kwa Febuluwale, mwambo umene unayambanso mu 1980. Kumeneko munthu amawerengera kuti akhala pafupi ndi munda, ndiponso kuti cipinda cimodzi kapena ziwiri zidzalandira alendo pa nthawi ya mwambo.

Bvuto ndi lakuti ndalama imabwera pa nyengo imene nyumba imabisa matenda ake onse. M'cilimwe denga silidontha. Bwalo limene limasanduka cithaphwi mu Januwale limakhala louma, losesedwa bwino. Cipupa cimene cimamwa madzi cauma, ndipo wogulitsa wacipaka penti sabata yatha. Wogula afika, azungulira kamodzi, awerenga zipinda, ayang'ana malata akunyezimira, nayamba kukamba za mtengo. Akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa nkhani ya nyumba nyererezo zili ndi dzina lake, ndico ciswe.

Abale athu amene anagwirako nchito ku Durban kapena ku Cape Town adziwa kuti kumeneko kawirikawiri nyumba siisintha mwini popanda kalata ya katswiri yotsimikiza kuti matabwa ake alibe tizilombo. Kuno kwathu palibe amene adzakufunsani kalata yotere, ndipo palibenso amene adzakupatsani. Woyendera nyumba ndinu nomwe wogula. Mukalipira ndi kulandira makiyi, zonse zimene mudzapeza m'denga ndi zanu.

Tsono musapite nokha. Tengani mmisiri womanga kapena kalipentala amene mumudziwa, wa mu mpingo mwanu kapena wa m'mudzi mwanu, ndipo mumulipire ndinu tsiku limenelo. Asakhale amene anamanga nyumbayo, asakhalenso amene wakusonyezani wogulitsa kapena mkhalapakati, pakuti mkhalapakati amadya pokhapo nyumba ikagulidwa. Amayi a kunyumba apite nawo, cifukwa iwo amaona zimene abambo saona: kumene madzi otsukira mbale amapita, fungo la cinyezi m'cipinda cogona, kutalika kwa citsime. Nyamulani tochi, msomali wautali, kanyundo ndi makwerero. Pitani masana dzuwa lili pamutu, osati madzulo mutacoka ku msika.

Tiyambe ndi ciswe, popeza ndico cimadya ndalama zambiri mwakacetecete. Alimi simufunika kuuzidwa zambiri za ico. Mwaona cimanga cokhwima bwino cikugwa cokha mu Epulo, ndipo mutathyola phesi mwapeza m'kati muli dothi lokhalokha. Mwaona nshawa zofota pa mzere, mizu itadyedwa pansi. Mmene cimacitira ndi phesi la cimanga ndi mmenenso cimacitira ndi mtanda wa denga: cimalowa ca m'kati, cimadya mtima wa thabwa, cimasiya kakhungu kopyapyala kunja, ndipo malo amene cadya cimadzazamo dothi. Felemu ya citseko ikhoza kuoneka yamoyo ndi penti wake, koma mutaikankha ndi cala, cala cilowa.

Ciswe cimene cimaononga nyumba zathu cimakhala pansi pa nthaka. Cimaopa kuwala ndi mphepo youma, n'cifukwa cake cikafuna kukwera cipupa cimayamba camanga kanjira kophimbidwa ndi dothi, kochingira thupi lake. Tinjira timeneti ndito umboni woyamba. Tifunefuneni kunja m'munsi mwa cipupa kuzungulira nyumba yonse, m'ngodya za zipinda, kuseri kwa zitseko, kuseri kwa kabati, ndi pamene mapaipi a madzi kapena a magetsi alowera m'nyumba. Ngati katundu wauunjikidwa pa ngodya imodzi, pemphani mwaulemu kuti asunthidwe. Wogulitsa wocenjera amasesa tinjirato m'mawa, koma pamatsala mzere wofiirira pa cipupa umene tsache silicotsa. Mukapeza kanjira, kathyoleni pakati. Mukaona tizilombo toyera tikuthamanga, nkhani yatha, eni ake alimo. Ngati mulibe kanthu, bwereraninso patapita masiku awiri kapena atatu. Mukapeza kamangidwanso, dziwani kuti sicinasamuke.

Ambiri amayang'ana pabwalo, ndipo akapanda kuona culu mtima umakhala pansi. Kumeneko ndi kudzinamiza. Mtundu wa ciswe umene umamanga zulu zazikulu, zija zimatipatsa inswa ndi bowa, umatha kuyenda pansi mamita makumi angapo kucokera pa culu kukafuna cakudya, motero culu cikhoza kukhala m'munda wa mnansi. Palinso mitundu ina yaing'ono, yomwe ija imagwetsa cimanga, imene siimanga culu coonekera konse. Imakhala m'timapanga pansi, mwinanso pansi pa simenti ya cipinda cocezera. Ndipo pali cinthu cina cofala kuno kwathu. Dothi la pa culu ndilo limaumba njerwa zabwino, tsono munthu amagumula culu, naumba njerwa, nasalaza malowo, namangapo nyumba pomwepo. Ngati manthu wa ciswe sanacotsedwe, banja lake likali pansi. Ngakhale anacotsedwa, mapanga amene anatsala amatitimira pang'onopang'ono. Yendani m'zipinda zonse mukugogoda pansi ndi kanyundo. Pamene pamveka ngati ng'oma, kapena pamene simenti yatsika ndi kusiyana ndi cipupa, pansi pake pali mphako. Funsani okhala pafupi ngati pamalopo panali culu. Nkhalamba za pamudzi zimakumbukira culu ciliconse.

Mukatha pansi, kwerani. Apa ndi pamene ogula ambiri amacita ulesi, cifukwa m'denga mumatentha ndiponso muli mdima ndi zitosi za mileme. Koma denga ndilo gawo lodula la nyumba, ndipo silingi yoyera bwino ikhoza kubisa mitanda imene yatsala zikopa. Mmisiri alowe ndi tochi, abaye ndi msomali mtanda uliwonse umene angaufikire, makamaka pamene mtanda wakhudza cipupa kapena wakwiriridwa m'njerwa, pakuti ciswe cimalowera pamenepo. Thabwa lamoyo limakana msomali ndipo limalira molimba mukaligogoda. Lodyedwa limalira mopepuka ndipo limatulutsa dothi. Mukaona timabowo ting'onoting'ono ndi ufa wosalala wonga wa cimanga cofumbwa ukugwa, cimeneco si ciswe koma tizilombo tina toboola matabwa. Nato tiononga, koma mankhwala ake ndi osiyana. Ngati silingi ilibe kakhomo kolowera, kapena wogulitsa akana kuti mukwere, muwerengere ngati kuti denga lonse lifunika mitanda yatsopano, ndipo mtengo utsike molingana.

Funsaninso kuti matabwawo ndi a mtengo wanji. Mlombwa, muwanga ndi tsanya la ku cigwa ca Luangwa zimapirira ciswe zaka zambiri, ngakhale kuti mbali yoyera ya kunja kwa thabwa la mlombwa imadyedwa ndithu. Nyumba zambiri za masiku ano zakhomedwa ndi paini, bulugamu kapena malaina, cifukwa mitengo yacilengedwe yasowa ndipo yadula. Paini wosathiridwa mankhwala ndi nsima ya ciswe. Wothiridwa ku fakitale amakhala wobiriwirako kapena wakuda ndi fungo la phula, ndipo mankhwalawo amalowa m'kati. Kupaka oilo wakutha wa galimoto, monga ambiri acitira, kumadetsa thabwa kunja cabe; pamene kalipentala anadula ndi sowo pamakhala poyera, ndipo ciswe cimapeza khomo pomwepo.

Wogulitsa adzakuuzani kuti, "Tinathira mankhwala pomanga." Mufunseni kuti liti, mankhwala anji, ndipo anathira ndani. Mankhwala akale monga aldrin, dieldrin ndi chlordane anali kukhala m'nthaka zaka zambirimbiri, ndipo cifukwa ca comweco, popeza anali kuononganso anthu, ziweto ndi madzi, maiko anagwirizana zowaletsa pa pangano la ku Stockholm la 2001, limene Zambia nayo inalowamo. Amene aloledwa tsopano amatha mphamvu patapita zaka zowerengeka, makamaka pa malo a madzi ambiri. Tsono nyumba imene inathiridwa zaka khumi ndi zisanu zapitazo tiiyese yosathiridwa. Ndipo tikupemphani kuti musagule mankhwala a m'mabotolo opanda dzina kwa oyenda nawo pa njinga. Ogulitsa ndi othira mankhwala otere amafunika cilolezo ca bungwe la ZEMA, limene linakhazikitsidwa mu 2011. Ngati pabwalo pali citsime, wothira auzidwe asanayambe.

Nyumba imene yakhala yotseka caka cathunthu muiyang'ane kawiri. Ciswe cimalowa m'mphasa yongoimika. Momwemonso nyumba imene nkhuni, mapesi kapena matabwa otsala aunjikidwa motsamira cipupa, kapena imene ili ndi zitsa za mitengo zosazulidwa pafupi ndi maziko.

Tibwere ku ming'alu. Si mng'alu uliwonse woopsa. Timizere topyapyala ngati tsitsi pa pulasitala timabwera cifukwa simenti inauma msanga ndi dzuwa, ndipo sitigwetsa nyumba. Woopsa ndi uja umene ulowa kamtengo ka macisi, umene utsika ngati masitepe motsata mizere ya njerwa kucokera pa ngodya ya zenera, umene uli waukulu kumwamba ndi waung'ono pansi, ndiponso umene muuona m'kati ndi kunja pamalo amodzimodzi. Umenewo ukamba za maziko. Zitseko zokana kutsekeka ndi magalasi osweka popanda wowaswa zikamba nkhani yomweyo. Kawirikawiri gwero lake ndi nthaka. Dothi lakuda la kudambo, la makande, limafufuma likamwa madzi ndipo limang'ambika m'cilimwe, motero nyumba imakwera ndi kutsika caka ndi caka mpaka cipupa citatopa. Mapuloti a kudambo amachipa, ndipo m'matauni athu anthu amangamo kwambiri malo ouma atatha. Pamene pali cigamba ca simenti yatsopano cotalika kucokera pamwamba mpaka pansi, funsani cimene cinali pamenepo. Ngati muli ndi nthawi, lembani ndi pensulo pamene mng'alu wathera ndi tsiku lake, mudzaonenso patapita mwezi.

Palani ndi msomali pakati pa njerwa pa malo amene pulasitala yagwa. Nyumba zambiri za m'midzi ndi m'makomboni zinamangidwa ndi njerwa zoocha zolumikizidwa ndi dothi, simenti ili kunja kokha. Kumanga kotere si chimo. Nyumba zina zakale za pa mishoni zinamangidwa motero ndipo zikali ciimire, cifukwa zili ndi khonde lalitali ndi maziko okwera. Koma musalipire mtengo wa simenti pa nyumba ya dothi, ndipo dziwani kuti ciswe cimakwera m'dothi limenelo kuseri kwa pulasitala kufikira ku denga osaonekera kunja ngakhale pang'ono. Ngati ndi mabuloko, tsinani pa ngodya. Buloko imene ifumbutuka ndi cala inaumbidwa ndi munthu amene anafuna kuti thumba limodzi la 50 kg ligwire nchito ya matumba awiri.

Madzi amasiya cizindikiro ngakhale m'cilimwe. Yang'anani m'munsi mwa cipupa kufikira m'mawondo: penti wotukusira, mcere woyera pa njerwa, pulasitala yoyoyoka. Zimenezi zitanthauza kuti cipupa cimamwa madzi kucokera pansi, mwina cifukwa womanga sanaike pepala lakuda la pulasitiki pamwamba pa maziko. Pansi pa nyumba payenera kukhala pokwera kuposa bwalo. Chipata ndi mzinda wozingidwa ndi mapiri, ndipo madzi otsika m'phiri safunsa kuti puloti ndi ya yani. Imirirani pabwalo muone kumene nthaka yapendekera, muone ngati pali ngalande, ndipo muyang'ane mzere wa matope pa mpanda kapena pa cimbudzi, pakuti kumeneko wopaka penti amaiwala. Cinyezi ndi ciswe zimayendera limodzi.

Za malata n'zosabvuta. Tsekani zitseko ndi mazenera masana, muyang'ane kumwamba. Pamene palowa kuwala padzalowa mvula. Imani patali muone ngati msana wa denga wawerama. Mmisiri aone ngati mitanda inamangiriridwa ku cipupa ndi waya, cifukwa mphepo ya mvula yoyamba imasasula madenga caka ciliconse, a masukulu ndi a machalichi omwe. Nyumba zakale za khonsolo ndi za boma, zija zinagulitsidwa kwa okhalamo kuyambira 1996, zambiri zili ndi denga la asibesitosi. Likakhala lathunthu lisiyeni, koma losweka lisadulidwe ndi sowo kapena kupalidwa, cifukwa fumbi lake limaononga mapapo. Cimbudzi cokumba cikhale kumunsi kwa citsime, pa mtunda wa mamita 30 kapena kuposa. Za magetsi aone wodziwa magetsi, ndipo mufunse malisiti a madzi ndi a msonkho wa khonsolo kuti musalowe m'nkhongole ya munthu wina.

Pali umboni wina umene suufuna tochi. Pitani tsiku lina popanda wogulitsa, mukaceze ndi okhala pafupi. Ngati ndinu a mpingo, funsani a mphakati wa dera limenelo kapena akulu a mpingo. Iwo analowamo m'nyumbamo pa mapemphero kapena pa maliro, mwina mvula ikugwa, ndipo adziwa pamene panali kuikidwa beseni. Amene anacitako lendi m'nyumbamo ndiye mboni yoposa onse. Sitikamba za miseche. Funso ndi lacidule: kodi nyumba iyi imakhala bwanji mu Febuluwale?

Nyumba ingakhale yolimba, pepala lake likhoza kukhala lodyedwa. Malinga ndi lamulo la za malo la 1995, malo a m'midzi ali pansi pa mwambo, ndipo kuwasandutsa a taitolo ya zaka 99 kumafuna cibvomerezo ca mfumu ndi ca khonsolo, kenaka Komishinala wa za Malo. Tsono pa malo onga Mtenguleni, kumene malo ambiri ndi a mafumu, musapereke ndalama musanaonane ndi nyakwawa, ndipo nkhaniyo ifike kwa mfumu, malire asonyezedwe pamaso pa anansi. Dziwaninso khonsolo imene ikuyang'anira malowo, popeza mu 2018 maboma a Kasenengwa ndi Chipangali anapatulidwa ku Chipata. Nyumba ya m'mbali mwa msewu waukulu ikhoza kukhala m'malo osungidwira msewu. Funsani a Road Development Agency. Ngati pali taitolo, kafufuzeni ku Unduna wa za Malo kuti dzina lili pamenepo ndi la wogulitsayo ndiponso kuti nyumbayo siinaikidwe cikole ku banki. Msonkho wosinthira umwini, umene unakwera kufika pa 8 peresenti mu Januwale 2025, ndi wa wogulitsa. Mugwirizane zimenezi poyamba. Ndipo samalani kwambiri ndi nyumba za amasiye. Pa nyumba ya taitolo imene mwini wake anamwalira osasiya wilo, lamulo la 1989 limapereka nyumbayo kwa mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo woyang'anira cuma ca masiye sangaigulitse popanda cilolezo ca khoti. Mkristu asagule nyumba imene ana amasiye ali kulirira kuseri, ingachipe bwanji.

Nanga mukapeza ciswe kapena mng'alu, muthawe? Osati nthawi zonse. Kuno kwathu nyumba imene ciswe sicinaiyendereko n'njosowa. Felemu ziwiri zodyedwa ndi kanjira kamodzi pa cipupa ndi nkhani ya kukonza: mmisiri awerenge matabwa, misomali, mankhwala ndi malipiro ake, alembe pa pepala, ndipo ndalamayo icotsedwe pa mtengo. Koma ngati mitanda yambiri yatha, kapena nyumba yakhala pa makande ndipo ming'alu ili mbali zonse, ndiye kuti muli kugula puloti ndi malata akale, ndipo mtengo wake ukhale wa zimenezo. Maziko olakwika sakonzeka ndi cigamba.

Ife tiona kuti njira yabwino kwa mlimi amene walandira ndalama mu Seputembala ndi kuisunga ku banki ndi kupempha wogulitsa kuti adikire mvula. Ngati aopa kuti mudzasintha maganizo, perekani kagawo kocepa pamaso pa mboni ziwiri, ndipo mulembe kuti yotsalayo idzaperekedwa nyumba ikaonedwa mvula itagwa, ndi kuti kagawoko kadzabwezedwa ngati denga kapena maziko apezeka ndi bvuto lalikulu. Wogulitsa amene akuti kuli wina wocokera ku Lusaka amene abwera ndi ndalama mawa, mulekeni agulitse kwa wa ku Lusakayo. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala kapena Disembala, pitani m'mawa mwake. Mudzaona pamene padontha, pamene madzi aima ndi kumene alowera. Imeneyo ndiyonso nyengo ya inswa. Mapiko ocepa pafupi ndi nyale ya pakhonde ndi a zobwera kucokera kunja. Koma mukapeza mulu wa mapiko m'cipinda cimene cinali cotseka usiku wonse, funafunani kabowo pansi kapena m'cipupa, pakuti zatulukira m'nyumba momwemo.